Matailosi Akale Si Zinyalala

Masiku ano pa Nselema, monganso pa Ntaja ndi ku Liwonde, eni sitolo ndi eni nyumba ambiri akuika matailosi pansi. Ena akafuna kusintha mtundu amakanganula akalewo nkukawataya kudzala, ati chifukwa kumsana kwake kwakakamira simenti. Ine ndikuti uku nkutaya ndalama, ndipo ife akhristu tisamatero.

Tailosi losasweka limagwira ntchito ngati latsopano, bola kulichotsa zomatira zakale kuti likakhazikike bwino. Liviikeni m'madzi usiku wonse. Ngati adamatira ndi guluu, madzi ofunda amamufewetsa. Ngati ndi simenti, madziwo amachepetsa fumbi, lomwe limaononga mapapo. M'mawa ligonekeni chafufumimba pa mchenga kapena pa thumba, nkumapala ndi chitsulo chathyathyathya mochita kupendeketsa. Mukamenya molunjika, basi lasweka. Paja kuona maso a nkhono nkudekha. Koma chenjerani ndi matailosi apulasitiki akalekale omatidwa ndi guluu wakuda. Ena mwa iwo ali ndi asbestos, ndipo fumbi lake limayambitsa khansa, choncho asiyireni akatswiri.

Ena adzati ntchitoyi njotaya nthawi, kuli bwino kungogula atsopano. Zoona imachedwa. Nanga ndani ali ndi ndalamazo? Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba zambiri ku Machinga mu 2023, ndi mabanja angati akadatha kumanganso popanda kutola njerwa ndi malata akale? Matchalitchi athu ena akumidzi akadali ozira ndi dothi. Matailosi amene parishi yachotsa angathe kukongoletsa paguwa la tchalitchi lotere.

M'kalata yao ya Laudato Si' ya mu 2015, malemu Papa Francisco adadzudzula khalidwe logwiritsa chinthu kamodzi nkuchitaya. Ambuye Yesu nawo, atadyetsa anthu 5,000, adalamula kuti makombo atoleredwe, ndipo adadzaza madengu 12.

Choncho ndikupempha abambo athu ansembe kuti pokonzanso matchalitchi auze amisiri akanganule matailosi mosamala ndi kuwasunga. Inu makolo, musachite manyazi kumangira zinthu zakale. Ndipo ife aseminale, nthawi ya ntchito zamanja tisamangoti khasu ndi chikwanje, tiphunzirenso lusoli. Mawa lino ena a ife tidzapatsidwa maparishi, ndipo ndalama zimene tidzasunge zidzakhala chopereka cha amayi amene adagulitsa nandolo wao kuti Mpingo upite patsogolo.