Panelo padzuwa, foni ndi nyale pamthunzi

Kuyambira pa Jenda mpaka pa Mzimba boma, si zachilendo kuona foni kapena nyale ya sola itasanjikidwa padenga la malata limodzi ndi panelo yake, akuti idye moto. Chizolowezichi chikutiphera zipangizo, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi kanthu kakang'ono kovuta kukaona ndi maso.

Mukatsegula foni, wailesi kapena nyale ya sola mumapeza kabolodi kobiriwira kokhala ndi tinjira ta kopa momwe mumadutsa magetsi. Tinjirati tili pamwamba, pansi, ndipo m'mafoni tilinso m'kati mwa bolodi, mosanjikizana. Kuti magetsi achoke panjira yapamwamba kupita yapansi, opanga amaboola tizibowo n'kumata kopa m'mbali mwake. Kachibowo kotere amakatcha via. Kambiri kamakhala mamilimita 0.2 kapena 0.3 m'mimba mwake, pomwe bolodi wamba ndi lochindikala mamilimita 1.6. Kopa womatidwamo ndi wopyapyala kuposa tsitsi la munthu.

Wojambula bolodi amayenera kusankha kukula kwa kachibowoko. Kakachepa kamasunga malo, chipangizo chimakhala chaching'ono. Koma kumata kopa bwino m'chibowo chopapatiza komanso chakuya n'kovuta, monga zimavutira kukulungiza m'kati mwa mtsuko wa kukamwa kwakung'ono. Pakati pa chibowo kopa amatha kupyapyala. Chibowo chokulirapo chimadya malo, koma chimamatika bwino ndipo chimadutsitsa magetsi ambiri osatentha. Fakitale yothamangira kutchipa ikaphatikiza chibowo chaching'ono ndi kopa wochepa, wogula sangadziwe pasitolo.

Vuto limadza ndi kutentha. Bolodi likatentha limafufuma kuposa kopa, mwina katatu, ndiye limakoka kachitoliro ka kopa kaja. Likazizira limabwerera. Zikachitika tsiku ndi tsiku, kopa wopyapyala amang'aluka. Kwathu kuno, komwe malata amawotcha masana mu Okutobala ndipo usiku wa Juni ndi Julayi kumazizira ngati ku Chikangawa, kukokana kumeneku sikusowa. Chizindikiro chake n'chodziwika: chipangizo choyaka ndi kuzima chokha, kapena chofuna kukanikizidwa kaye kuti chiyake.

Ena anganene kuti chimene chimafa kawirikawiri ndi batire. N'zoona. Koma nalonso batire limatha msanga ndi kutentha komweko, choncho mankhwala ake ndi amodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti batire mumasintha, pomwe via yong'aluka m'kati mwa bolodi la foni ngakhale mmisiri waluso pamsika sangaifikire. Akawotcha bolodi ndi mpweya wotentha foni imatha kudzuka, koma nthawi zambiri n'kwakanthawi.

Nkhaniyi ndi ya zaumoyo. Alangizi a zaumoyo ayamba kulemba mbiri ya ana ndi amayi oyembekezera pa iCHIS, ya pafoni ndi tabuleti. Volontiya wa kumidzi yozungulira Embangweni amadalira foni kuitanira thandizo mayi akayamba kudwala usiku, ndipo nyale ya sola ndi imene yachotsa utsi wa koloboyi pomwe ana amawerengera.

Ndiye panelo ikhale padzuwa, chingwe chilowe m'nyumba, foni ndi nyale zikhale pamthunzi. Nyale yokhala ndi panelo pamutu muziika pathabwa kapena pampando, osati pamalata, ndipo ikadzaza ilowe. Pogula nyale, funsani ngati ili m'gulu la zoyesedwa ndi VeraSol komanso ngati ili ndi walanti. Mabungwe ogulira alangizi matabuleti nawonso asamangoyang'ana mtengo. Afunse kutentha kumene chipangizocho chinayesedwa kupirira, ndipo apereke chingwe chachitali. Bolodi likafa musapatse ana kuti aziseweretsa kapena kuliwotcha pofuna kopa, chifukwa mabolodi ena, makamaka akale, amalumikizidwa ndi mtovu, womwe umawononga ubongo wa mwana.