ZA PAKHOMO NDI PAMSEWU: Musanakongoletse M'kati mwa Galimoto Yanu

Sabata yatha tinakamba za kusamala chimanga m'nkhokwe kuti anankafumbwe asatigawire. Lero tichoke pankhokwe, tipite patsinde pa mango pamene ena a inu mwaimika chinthu chatsopano.

Ino ndi nyengo ya malonda. Fodya wapita ku Kanengo, ku Chinkhoma, ku Limbe ndi ku Mzuzu, mtedza ndi soya zagulidwa, ndipo alimi ena amene anagwira khasu molimba agula galimoto. Ambiri mwa magalimoto amenewa anagwirapo kale ntchito ku Japan, natsika m'sitima ku Dar es Salaam, nalowa m'dziko muno pa Songwe. Ife tikondwera nanu, pakuti galimoto pamudzi ithandiza onse: itenga feteleza kumsika, ndipo ithamangitsira mayi wodwala kuchipatala pakati pa usiku.

Koma ndaona chinthu chimodzi. Galimoto isanathe mwezi pakhomo, mwini wake apita kutauni nabwerako ndi katundu wa m'kati: wailesi yatsopano, masipika aakulu, nsalu zovundikira mipando, timphasa ta labala toyala pansi, timagetsi tothwanima ndi tizidole toika kutsogolo. Sindikuletsani, pakuti nyumba yomanga bwino amaizira ndithu. Mau anga ndi awa: chilichonse chimene muika m'galimoto chisatseke kapena kuononga zinthu zimene opanga anaikamo kuti zisunge moyo wanu.

Chaka chatha ndinafika pamudzi wina pamene mlimi wakhama anali atangogula galimoto yake yoyamba. Mphwake, mnyamata wokonza mafoni, anati, "Amalume, musataye ndalama kwa amakaniko, wailesi imeneyi ndikuikirani ine." Anatenga waya kuchokera pa batire, naupititsa pa kabowo ka chitsulo mpaka m'kati, nalumikiza popotokola ndi zala, nakulunga ndi pepala la shuga. Wailesi inalira, mudzi wonse unavina. Patapita masabata atatu akuyenda mumsewu wa mabampu, chitsulo chija chinadula khungu la waya. Utsi unatuluka pansi pa chiongolero ali pa ulendo wa kuchigayo. Anthu anathira mchenga napulumutsa injini, koma mipando ndi mawaya onse a kutsogolo zinapsa. Ndalama ya mabelo angapo inathera pomwepo. Akulu anati safunsa anadya phula.

ZA WAILESI NDI MAWAYA

Ambiri a inu mudabwa kuti wailesi imene inabwera ndi galimoto igwira nyumba imodzi kapena ziwiri zokha zoulutsira mau. Siinafe ayi. Mawailesi ambiri a m'magalimoto a ku Japan anapangidwa kuti azigwira kuyambira pa 76 kulekeza pa 90, pamene nyumba zathu za FM ziulutsa pakati pa 87.5 ndi 108. Chotero mungomva zimene zili pakati pa 87.5 ndi 90 basi. Njira zilipo ziwiri. Mukhoza kugula kabokosi kakang'ono kotchedwa band expander, kamene amakalumikiza pa waya wa eriyo. Mudzamva nyumba zambiri, ngakhale manambala ooneka pa wailesi adzasiyana ndi amene aulutsi amatchula. Kapena mukhoza kuchotsa wailesiyo ndi kuika ina.

Mukasankha kuika ina, tsatani izi, kapena imani pafupi muone kuti wokuikiraniyo akuzitsata.

Choyamba, zimitsani galimoto, chotsani kiyi, ndipo masulani waya wa batire wa mbali imene pali chizindikiro cha kuchotsera, osati cha kuphatikiza. Dikirani mphindi zitatu musanagwire waya aliyense.

Chachiwiri, dziwani mawaya atatu a kumbuyo kwa wailesi yogula m'sitolo. Kawirikawiri wakuda apita ku chitsulo cha galimoto. Wachikasu afuna moto wa nthawi zonse kuti wailesi isaiwale nyumba zimene munasunga. Wofiira afuna moto umene ubwera pokhapokha mwatembenuza kiyi. Anyamata aulesi amamanga wofiira ndi wachikasu pamodzi. Mukatero wailesi ikhoza kudya batire usiku wonse, ndipo m'mawa galimoto siilira. Kumbukirani kuti yambiri ya ku Japan ndi yosintha yokha magiya, ndipo yotero siilira ndi kukankha, ngakhale muitane mudzi wonse.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, waya aliyense wochokera pa batire akhale ndi fyuzi pafupi ndi batire pomwepo. Batire ya galimoto yaing'ono ndi ya mavoti 12 okha ndipo siigwira munthu monga magetsi a m'nyumba, koma waya wake akakhudza chitsulo afiira ngati khasu la pa ng'anjo. Fyuzi ndi kachitsulo kopyapyala kamene kasungunuka msanga moto ukachuluka, nkudula njira waya asanapse. Mphamvu yake yalembedwa pamwamba, ndipo mtundu wake uuzanso: yofiira ndi ya 10, yabuluu ndi ya 15, yachikasu ndi ya 20. Ikapsa, ikani ya nambala yomweyo. Ikapsanso, dziwani kuti pali waya wosupuka penapake, ndipo mufunefune. Musaike ya nambala yaikulu, ndipo musayese konse kulowetsapo kawaya, msomali kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu. Wochita zimenezo wachotsa mlonda pachipata.

Chachinayi, pamene waya adutsa pa bowo la chitsulo pakhale kalabala kozungulira bowolo. Polumikiza pamangidwe zolimba ndi kukulungidwa ndi tepi ya magetsi. Ndipo mukaona mapulagi achikasu pansi pa mpando kapena pansi pa chiongolero, asiyeni. Amenewo si a wailesi. Ndi a thumba la mpweya limene tikambe tsopano.

ZA MIPANDO NDI LAMBA

Kuvundikira mipando ndi nzeru yabwino kwa mlimi, pakuti fumbi, thukuta ndi matope zimaliza mpando msanga. Simusowa kugula zodula. Telala wa pamsika akhoza kukusokerani za nsalu yolimba kapena za chitenje, zoti muzichotsa ndi kuchapa. Koma pitani nayo galimoto kwa telalayo kuti ayese yekha, ndipo mumuuze kuti asiye mabowo a lamba.

Ndanena lamba chifukwa ndakwera magalimoto ambiri m'mene pomangira lamba panakwiriridwa pansi pa nsalu yokongola. Lamba wodutsa paphewa ndi m'chiuno anamukonza Nils Bohlin wa kampani ya Volvo ku Sweden, ndipo anayamba kuikidwa m'magalimoto mu 1959. Kuyambira pamenepo wapulumutsa anthu osawerengeka. Galimoto yoyenda makilomita 50 pa ola ikagunda mtengo, thupi lanu limenyedwa monga munthu wagwa kuchokera pa mtengo wotalika mamita 10. Palibe mkono umene ungagwire pamenepo. Tsono nsalu imene ibisa lamba, ngakhale ikhale ya maluwa otani, ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Yang'ananinso mau akuti SRS AIRBAG. Mudzawaona pakati pa chiongolero, kutsogolo kwa mpando wa wokwera, ndipo m'magalimoto ena pa kansalu kosokerera m'mbali mwa mpando. Pamenepo pali thumba lopindidwa limene pangozi lifufuma mofulumira kuposa kuphethira kwa diso, kuti mutu ndi chifuwa zisagunde chitsulo. Ngati mau amenewa ali m'mbali mwa mpando, telala asiye mbali imeneyo yosatseka, pakuti thumba lituluka pong'amba msoko wa pomwepo. Kutsogolo kwa wokwera musamatepo kapeti, galasi, chidole kapena choikapo foni. Thumba likaphulika, zonsezo zidzaponyedwa kumaso kwa mayi wa kunyumba kapena mwana wanu. Chimodzimodzinso anyamata amene achotsa chiongolero cha galimoto ndi kuikapo kakang'ono konyezimira: iwo ataya thumba limene likanawapulumutsa, nalipiranso ndalama pa kutayako.

Ngati muvundikira chiongolero, chovundikiracho chigwire zolimba. Chikamazungulira chokha m'manja, chichotseni lero lomwe.

ZA TIMPHASA TA PANSI

Apa ambiri aseka, nati kodi mphasa ingaphe munthu? Inde ingathe. Mu 2009 kampani ya Toyota inachenjeza eni magalimoto pafupifupi 3.8 miliyoni ku America kuti achotse kamphasa ka mbali ya dalaivala, chifukwa kanali kutsetsereka ndi kupanikiza chopondera moto, galimoto nkumathamanga yokha. Ngati zinachitika ndi timphasa topangira galimoto yomweyo, nanga kotani ndi tathu togula pamsika, todula ndi mpeni?

Chotero kamphasa ka dalaivala kakhale kamodzi, kosasanjikiza pa kanzake. Kakoledwe pa tingowe timene tili pansipo, ndipo kasafike pa zopondera. Mukayala, khalani pampando galimoto ili chozima, pondani chopondera chilichonse mpaka pansi, muone ngati chibwerera bwino. Botolo, chitsononkho kapena sipanala zisakhale kumapazi a dalaivala, pakuti zikalowa pansi pa buleki simudzaima.

Kwa ife alimi palinso china. Feteleza adya chitsulo. Thumba likadontha m'galimoto, timibulu tilowa pansi pa mphasa, tikoka chinyontho, ndipo dzimbiri liboola pansi inu osaona. Yalani pepala lapulasitiki lolimba musanakweze matumba, ndipo nthawi ya dzinja muzitulutsa timphasa ndi kuumitsa pansi pake. Sesaninso chimanga ndi mtedza wotayika, pakuti ziitana makoswe, ndipo khoswe akalowa m'galimoto atafuna mawaya ndi kumanga chisa m'mipando.

MUSANABOOLE

Ena afuna kuonjezera mpando, kapena kumanga bokosi la masipika kapena la zipangizo. Musanaboole pansi pa galimoto, gwadani muone chimene chili kunsi kwake. Kumeneko kudutsa mapaipi a mabuleki, mapaipi a petulo, ndipo kumbuyo kuli thanki. Bowo limodzi lolakwika likhoza kukusiyani opanda mabuleki pa chitunda.

Mpando umangidwe ndi mabawuti olimba, amene pamutu pake palembedwa 8.8 kapena 10.9, ndi mawashala aakulu kunsi. Bawuti wa ngolo kapena wa chitseko sayenera. Mabawuti a lamba musawasinthe ndi ena. Bowo lililonse lipakidwe penti kuti dzimbiri lisayambirepo. Benchi longoika losamanga, kapena bokosi lolemera longokhazika kumbuyo kwa ana, pangozi lisanduka mwala wa legeni. Ndipo dziwani kuti chiwerengero cha anthu amene galimoto iloledwa kunyamula chinalembedwa m'mapepala ake. Musanaonjezere mipando kafunseni ku ofesi ya Road Traffic, kuti mungavutike pokayezetsa galimoto kapena pofuna chipukutamisozi kwa a inshuwalansi.

NDALAMA IYAMBE KUTI

Mau otsiriza ndi a thumba lanu. Pamsika zonse zinyezimira, ndipo wogulitsa ali ndi pakamwa pokoma. Koma ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Khalani pansi ndi amayi a kunyumba musanapite kutauni. Patulani ya feteleza ndi mbewu za chaka chamawa, ya sukulu ya ana, ndi ya matenda. Yotsalayo iyambe ku matayala, mabuleki, magetsi a kutsogolo ndi oyilo. Mugulenso kabotolo kozimira moto, mukamange pamalo pofikira dzanja msanga, ndi mafyuzi angapo osungira. Zikatha izi, ndiye muitane telala, ndipo wailesi ibwere pambuyo.

Pa ntchito ya mawaya funani munthu amene anaphunzira magetsi a galimoto, ndipo musachite manyazi kumufunsa kuti, "Kodi fyuzi mwaika pati?" Wodziwa ntchito adzakuonetsani mokondwa. Akayamba kukwiya kapena kuseka, tengani galimoto yanu mupite kwina. Inu ndinu amene munadzuka m'mamawa kuthirira nazale, ndipo ndi ana anu amene adzakhala pamipandoyo.

Mlimi wa mudzi uja anakonzetsa galimoto yake atagulitsa ng'ombe imodzi. Ndinakwera nawo mwezi wathawu. Mipando yavala chitenje cha buluu chosokedwa bwino, malamba onse ali poyera, ndipo wailesi ilira pang'onopang'ono. Mphwake uja tsopano aphunzira ntchito pa galaja ina ya paboma, ndipo ndiye amene anandionetsa pamene pali fyuzi.

Sabata yamawa tidzakamba za kupakira katundu pa ngolo ndi pa galimoto popanda kuthyola masipuling'i. Amene muli ndi mafunso lemberani kwa Mkonzi, ndipo tidzayankha pa tsamba lomwe lino. Tsalani bwino.

Ine wanu,
Mlangizi wa Pamsewu