Bwalo la masewero si malo otsala

Bwalo la Bingu, limene lili ku Area 48 mu Mzinda wa Lilongwe, linatsegulidwa mu Januwale 2017. Linamangidwa ndi ngongole yochokera ku China ya ndalama pafupifupi madola 70 miliyoni a ku America, ndipo mumalowa anthu oposa 40,000. Ndi bwalo lokongola, ndipo palibe Mmalawi wanzeru zake amene angalinyoze. Koma kuchokera pa bwalolo kukafika ku Mtandire ndi ulendo wa pansi chabe, ndipo amene anayendako madzulo akudziwa zimene amakumana nazo: anyamata akumenya mpira wa mapepala pakati pa msewu, magolo ali njerwa ziwiri, masewero akuima nthawi iliyonse pamene kabaza kapena minibasi ikudutsa. Atsikana nawo alibe ndi pamsewu pomwe, pakuti anyamata anapalanda kale.

Ife tikuti izi si ngozi ndipo si umphawi wokha. Ndi zotsatira za mmene timaganizira pamene tikukonza zomanga sukulu ya sekondale m'makomboni a mzinda uno, ndipo maganizo amenewa ali m'mitu ya ife tomwe amene timagwira ntchito m'Boma ndi amene timatsogolera anthu m'madera.

Taonani mmene pulani ya sukulu imabadwira. Akulu-akulu amakhala pansi nawerenga zipinda zophunziriramo, ofesi ya mphunzitsi wamkulu, zimbudzi, mwina chipinda cha sayansi ndi nyumba ziwiri za aphunzitsi. Zonsezi amaziika pa malo abwino, okwera ndi ouma. Tsono pakatsala kamalo kokhota kumunsi, kumene madzi a mvula amathamangira ndiponso kumene anthu anakumbako dothi loumbira njerwa, wina amaloza ndi cholembera nati, “Apa ana azisewerapo.” Pakapita zaka zitatu ana achuluka, pafunika buloko ina, ndipo buloko ija imamangidwa pakati pa kamalo komweko chifukwa ndi pokhapo popanda kanthu. Bwalo latha, ndipo palibe amene anakhala pa msonkhano ndi kuvomereza kuti lithe. Langodyedwa pang'ono-pang'ono monga chiswe chidyera nsichi.

Amene amatsutsa zimene tikunenazi ali ndi mayankho awo, ndipo tiyeni tiwamve.

Oyamba amati ku Mtandire kulibe malo. Nzoona kuti malo ndi ochepa. Pamene Likulu linasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, mzinda unali utajambulidwa mwadongosolo, uli ndi mipata ya mitengo ndi mabwalo pakati pa madera. Koma Mtandire, amene ali mu Area 56, anakula kunja kwa dongosolo limenelo, nyumba kutsamira nyumba inzake, mapuloti akugawidwa mwa chimvano cha wogula ndi wogulitsa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mu mzinda uno, ndipo ambiri mwa iwo amakhala m'madera onga Mtandire, Mgona ndi Chinsapo. Zonsezi tikuzidziwa. Komabe funso lathu nali: kodi amene amati malo kulibewo anayesapo kuwerenga kuti malo ofunikawo ndi aakulu bwanji? Pakuti ambiri akamva mawu oti bwalo, m'mutu mwawo mumabwera Civo kapena Silver Stadium, nataya mtima asanagwire ndi tepi yomwe.

Tiyeni tiwerenge. Bwalo la mpira wa miyendo limene matimu a mayiko amasewerapo limakhala mamita 105 m'litali ndi 68 m'lifupi. Koma malamulo a mpirawo amalola bwalo la mamita 90 ndi 45, limene ndi ekala imodzi basi. Bwalo la ntchemberembaye ndi mamita 30.5 ndi 15.25, mukasiya mpata wa mamita atatu mbali zonse kuti osewera asagunde khoma, simufika ngakhale gawo limodzi la magawo asanu a ekala. La volebo ndi mamita 18 ndi 9. Chokhacho chimene chimadyadi malo ndi njira yothamangamo ya mamita 400, imene pamodzi ndi bwalo la m'kati mwake imafuna pafupifupi mahekitala awiri, ndipo ife sitikunena kuti sukulu iliyonse ikhale nayo. Njira imodzi yotere ingathe kutumikira sukulu zisanu zoyandikana. Koma ekala imodzi ndi theka kwa ana mazana-mazana, kodi nchinthu chosatheka mu mzinda umene mabala, malo othirapo mafuta ndi mipanda ya nyumba zosamalizidwa zikupeza malo mwezi ndi mwezi?

Ndipo ngati malo ndi ochepadi, nzeru yake ndi kumanga chokwera. Zipinda zisanu ndi zitatu zosanjikiza pawiri zimadya theka la malo amene zikanadya zitayalidwa pansi. Nyumba yosanja imafuna ndalama zambiri lero, inde. Koma ndalama zimapezeka chaka china, pamene malo akamangidwapo nyumba za anthu sabwereranso. Madzi akatayika saoleka.

Achiwiri amati mabuku ayambe, masewero abwere pambuyo. Mawu amenewa amamveka anzeru, ndipo amakondedwa kwambiri ndi anthu amene ana awo amaphunzira pa sukulu zokhala ndi mabwalo atatu ndi dziwe losambiramo. Palibe amene akuti ana asiye masamu. Koma mwana wa zaka 15 si thumba loti muzingothiramo zolemba kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Akaweruka, mphamvu zake ziyenera kupita kwina, ndipo ngati sitinamukonzere bwalo, a kachasu, a chamba ndi a njuga anamukonzera kale pokhala. Tidzadandaula kuti achinyamata alowerera, tidzaitanitsa misonkhano ya mwambo, pamene ndife tomwe tinamanga chimbudzi pakati pa bwalo lawo.

Tisaiwalenso kumene ulemu wa dziko lino pa masewero unachokera. Kinnah Phiri anatulukira ali mwana wa sukulu pa Chaminade ku Karonga, ndipo m'badwo wake ndi umene unatenga chikho cha mayiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978 ndi 1979. Masiku amenewo sukulu ya sekondale yopanda bwalo inali chinthu chachilendo. Mwai Kumwenda, wochokera ku Mzimba, anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse pa mpikisano wa dziko lonse wa ntchemberembaye ku Sydney mu 2015. Tabitha Chawinga anamwetsa zigoli zambiri kuposa wina aliyense mu ligi ya amayi ya ku Italy mu 2023, ndipo mng'ono wake Temwa anachita chimodzimodzi ku America mu 2024 ndi zigoli 20. Alipo ena amene amatenga mayina amenewa nati, “Mwaona, luso silisowa bwalo, awa anakulira pa fumbi.” Kulankhula kotere nkochititsa manyazi. Atatu anapulumuka pa fumbi. Nanga zikwi zimene zinathera pa fumbi pomwepo, anaziwerenga ndani?

Achitatu amati ndalama palibe. Apa ndi pamene tikufuna kukhalitsa, chifukwa mabwalo ambiri a sukulu amaonongeka osati posowa ndalama koma posowa kuganiza, ndipo kuganiza sikugulidwa.

Kulozetsa bwalo sikufuna tambala. Ana athu amasewera akaweruka, dzuwa litapendeka. Bwalo limene magolo ake ayang'ana kum'mawa ndi kumadzulo limachititsa khungu wapagolo mmodzi theka lonse la masewero. Magolo ayenera kukhala kumpoto ndi kumwera. Wojambula pulani amene sakudziwa zimenezi sanamalize ntchito yake.

Madzi ndiwo mdani wamkulu. Mtandire ali m'mbali mwa Lingadzi, ndipo sitinaiwale mmene mtsinjewo unasefukira mu Febuluwale 2017 nugumula nyumba za anthu. Kuika bwalo pa dambo chifukwa choti palibe wina akulifuna ndi kupatsa ana bwalo la miyezi isanu ndi umodzi. Kuyambira Disembala mpaka Malichi ndi la achule. Komanso bwalo losalala ngati tebulo limasunga zithaphwi. Liyenera kupendekeka pang'ono, sentimita imodzi pa mita iliyonse, kuti madzi azitsetsereka okha, ndipo kumtunda kwake kukumbidwe ngalande yolanda madzi ochokera pa malata a makalasi ndi mu msewu asanalowe m'bwalo. Dothi la pamwamba limene makina amakankha posalaza malo lisatayidwe kapena kugulitsidwa. Liunjikidwe pambali ndi kubwezeredwa, pakuti pa katondo wouma udzu sumera. Udzu wake si wochokera kunja. Kapinga amene alimi amalimbana naye m'minda ndiye woyenera: amayanga, amapirira kupondedwa, ndipo akauma m'chilimwe amaphukanso ndi mvula yoyamba. Abzalidwe mvula ikayamba, ndipo ana aletsedwe kupondapo nyengo imodzi yathunthu. M'mphepete motsetsereka mubzalidwe vetiva. Mitengo ya mthunzi ikhale kunja kwa mzere, kutali ndithu kuti mizu isalowe m'bwalo.

Pamene pakufunikadi simenti ndi pa bwalo la ntchemberembaye, ndipo ife tikuti ndalama yoyamba ipite pamenepo. Ndi laling'ono, limatha zaka zambiri, siliopa mvula, ndipo mukalikuza pang'ono ndi kujambulapo mizere ya mitundu iwiri, volebo ndi basiketibo zimaseweredwa pomwepo. Koposa zonse ndi la atsikana, amene nthawi zonse amakumbukiridwa pomaliza ngakhale kuti timu yawo ya Queens ndi imene yakhala ikutchukitsa dziko lino kuposa timu ina iliyonse. Pafupi pake pakhale mpopi ndi chipinda chokhala ndi chitseko chokhoma. Mtsikana wa Fomu 3 sangasinthe zovala kuseri kwa kalasi anyamata akuyang'ana, ndipo akasiya masewero pa chifukwa chimenechi aphunzitsi amalemba kuti alibe chidwi.

Za zipata nazo tisazione mopepuka. Pa 6 Julayi 2017 anthu asanu ndi atatu, ambiri mwa iwo ana, anafa pa kupondana pa zipata za Bwalo la Bingu. Bwalo la sukulu ndi laling'ono, koma tsiku limene sukulu ziwiri za m'komboni zakumana, khamu lake si lamasewera. Mpanda wokhala ndi kachipata kamodzi kopapatiza ndi msampha. Zipata zikhale ziwiri, zotakata, zotsegukira kunja.

Tsono tifike pa ife eni. Mabwalo a sukulu sabedwa usiku ndi anthu osadziwika. Amene amadula puloti pa ngodya ya bwalo amadziwika ndi mfumu, amadziwika ndi khansala, amadziwika ndi wapampando wa nthambi. Amene amalola kuti malole a mchenga adutse pakati pa bwalo pofupikitsa njira ndi anthu a m'dera lomwelo. Ndipo tinene mosabisa: misonkhano ya ndale, ya chipani chilichonse, yaononga mabwalo ambiri. Galimoto zolemera zimalowa pa dothi lonyowa, nsanja imakhomedwa pakati, maenje a mahema amasiyidwa osakwirira, ndipo Lolemba mwana amathyoka mwendo pamene mtsogoleri anaimirira polonjeza chitukuko cha achinyamata. Wokonza msonkhano pa bwalo la sukulu aimike galimoto kunja, ndipo asachoke maenje asanakwiriridwe. Mtsogoleri amene akuona ngati zimenezi nzomuchepetsa sakuyenera udindo wake.

Sitikunena kuti bwalo litsekeredwe anthu a m'dera. Ku Mtandire bwalo la sukulu lidzakhala la onse, mufune musafune, ndipo bwalo limene anthu amalitcha lawo ndi limene amaliteteza. Chofunika ndi pangano lolembedwa pakati pa komiti ya sukulu ndi matimu a m'deralo: masiku awa ndi a ana, Loweruka ndi Lamulungu ndi a matimu, mvula ikagwa kwambiri palibe wosewera, ndipo kandalama kolipira kapite ku laimu, maukonde ndi kutchetcha.

Kwa inu a ku Capital Hill, a Khonsolo ya Mzinda ndi a maofesi a maphunziro, pempho lathu ndi la zinthu zimene zili m'manja mwanu kale. Pulani ya sekondale iliyonse yatsopano isadindidwe ngati bwalo silinajambulidwepo ndi miyeso yake m'mamita, pa malo otchulidwa, osati mawu oti malo otsala. Buloko yoonjezera isavomerezedwe ngati ikugwera pa bwalo. Oyeza malo apite ku sukulu zimene zilipo kale ku Mtandire, Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona, akakhome zikhomo za konkire pa ngodya zonse, ndipo chikalata cha malowo chikhale pawiri, china ku unduna china m'kabati ya mphunzitsi wamkulu. A bungwe la MASSA ndi aphunzitsi a masewero aitanidwe pulani isanathe, osati tsiku lodula riboni. Ndipo kumene sukulu ilibiretu malo, Khonsolo ipeze malo amodzi apakati, iwalembe m'dzina la sukulu zoyandikana, ndi kuwatchinga chaka chino chomwe, ogula mapuloti asanawaone.