Bónus ya seguro ndi ya mwini galimoto, isatsale m'kabati ya kampani

Nthawi yolipiranso seguro ya galimoto ikayandikira, eni magalimoto kuno ku Tete amagawikana pawiri. Ena amasamukira ku kampani ina chimanjamanja, osatenga pepala losonyeza zaka zimene ayendetsa popanda ngozi, ndipo kumeneko amakalandiridwa ngati mnyamata amene wangotenga carta dzulo. Ena safuna n'komwe kufunsa mitengo kwina, ngakhale kampani yawo ikuwachedwetsa kapena kuwakwezera mtengo, poopa kuti akachoka bónus yawo ithera pompo. Onsewa akuluza ndalama pa chinthu chimodzi, ndicho pepala limene linayenera kukhala losavuta kulipeza.

Kwa awerengi amene sakuidziwa bwino nkhaniyi, bónus ndi kutsitsa mtengo kumene kampani ya seguro, imene anzathu a ku Malawi amati inshuwalansi, imachitira munthu amene watha chaka chathunthu osaichititsa kulipira ngozi. Chaka chachiwiri chikadutsanso bwino amamutsitsira koposa, mpaka kufika pa malire amene kampaniyo inadziikira. Si chifundo ayi. Kampani yaona kuti munthu amene wayenda msewu wa Tete kupita ku Zóbuè zaka 6, kulambalala magalimoto akulu-akulu a katundu ndi ng'ombe zodumpha msewu, osagunda kanthu, mwina chaka chotsatira sagundanso, tsono ayenera kulipira zochepa kuposa uja amene amabwera ndi galimoto yophwanyika chaka ndi chaka.

Tiyerekeze kuti mtengo wa seguro yanu ndi meticais 20.000 pa chaka ndipo bónus yanu yafika pa magawo 30 pa 100 alionse. Ndiye kuti mukulipira 14.000. Kampani ina mtengo wake ndi 18.000. Ikavomera bónus yanu yomweyo mulipira 12.600, koma mukapita opanda pepala mulipira 18.000 yonse. Kampani yotchipa ija yasanduka yodula, ndipo kayendetsedwe kanu sikanasinthe mpang'ono pomwe.

Akulu-akulu akumbukira kuti kale funso limeneli kunalibe. M'chaka cha 1977 boma linaphatikiza makampani a Nauticus, Lusitana ndi Tranquilidade n'kupanga EMOSE, ndipo kwa zaka zambiri khomo linali limodzi lokhalo, kotero kuti kosamukira kunalibe. Lamulo la 1991 linatsegula msika, Ímpar inayamba mu 1992, ena monga Hollard anadza pambuyo pake. Kenaka mu 2003 Lamulo nambala 2/2003 linanena kuti galimoto iliyonse yoyenda pa msewu ikhale ndi seguro yolipira anthu ena amene yawavulaza kapena kuwaonongera katundu. Apa ndi pamene ife tayima. Boma likakakamiza munthu kugula chinthu, liyeneranso kuonetsetsa kuti munthuyo angathe kuchoka kwa wogulitsa uyu kupita kwa uyo popanda kutaya zake. Makampani angachuluke bwanji mu mzinda, ngati kasitomala wamangidwa ndi bónus imene sangainyamule, mpikisano umene unalonjezedwa mu 1991 sunamufike.

Pali ena a m'makampani amene amati bónus ndi mphoto ya kukhulupirika, ndiye wochoka asaidandaule. Ife sitikuvomereza. Chimene chikuwerengedwa pa bónus ndi zaka zopanda ngozi, ndipo zakazo anazipanga ndi munthu amene anali pa chiwongolero. Kampani inangozilemba. Ingathe kukana kumutsitsira mtengo akachoka, popeza salinso wake, koma ilibe chifukwa chomumana umboni wa zimene zinachitikadi.

Maiko ena anaikonza kale nkhaniyi. Ku Portugal, Decreto-Lei 291/2007 imalamula kuti kampani ipereke pepala la mbiri ya ngozi pasanathe masiku 15 kuchokera tsiku limene mwini seguro walipempha, ndipo pepalalo lionetse ngozi za zaka 5 zapitazo kapena linene kuti panalibe ngozi. Ku France anapitirira pamenepo, pakuti boma lenilenilo ndilo linaika muyezo: chaka chilichonse chopanda ngozi mtengo umatsika ndi magawo 5 pa 100, mpaka patatha zaka 13 munthu amalipira theka, ndipo ngozi imene walakwa ndi iye imaukweza ndi magawo 25 pa 100. Muyezowo umamutsata ku kampani iliyonse imene angapite. Ife sitikupempha kuti kuno titengere France pa zonse. Makampani athu apikisane, wina azitsitsa kwambiri wina pang'ono, ndiwo malonda amenewo. Chimene tikufuna ndi cha ku Portugal chija, pepala loona, loperekedwa msanga ndiponso losagulitsa.

Koma nawonso eni magalimoto ali ndi mbali yawo, ndipo ambiri amagwa pa tinthu tating'ono. Chaka chimene chimawerengedwa ndi chathunthu. Munthu akadula apólice yake pa mwezi wa 10 chifukwa wakwiya ndi wa pa kauntala, miyezi 10 imeneyo kawiri-kawiri siiwerengedwa, tsono kuli bwino kupirira miyezi iwiri yotsalayo. Komanso chimene chimasamuka ndi zaka, osati kuchuluka kwa ndalama zotsitsidwa. Zaka 4 zingakhale ndi mtengo wina kuno ndi wina uko, ndiye musanasaine funsani kuti zaka zanuzo akuzilemera bwanji, ndipo yankholo lilembedwe. Mawu a pakamwa a wogulitsa sakuthandizani tsiku limene iye adzakhale atasiya ntchito.

Pepalalo silikhalanso ndi mphamvu mpaka kale-kale. Ku Britain, kumene nkhani ya bónus imatsatidwa kwambiri, makampani ambiri salandira umboni ngati padutsa zaka 2 munthu alibe seguro m'dzina lake, ndipo bónus imodzi imagwira pa galimoto imodzi yokha. Amene wagulitsa galimoto yake ndipo akuyembekeza kudzagula ina akadzakolola fodya kapena mbatata ku Angónia, atenge pepala tsopano ndi kufunsa kuti lidzagwira ntchito mpaka liti.

Abale athu amene ali ku Joni tiwatchule paokha, chifukwa ambiri amabwerera kumudzi ndi galimoto. Kampani ya kuno siikakamizidwa kukhulupirira zaka zimene munthu anayendetsa ku Johannesburg, koma n'kosavuta kukambirana nayo muli ndi kalata m'manja kusiyana ndi kungolumbira. Kalatayo itengedwe musananyamuke, ikhale pa pepala la kampani, yokhala ndi dzina lanu monga lilili pa carta, nambala ya apólice, tsiku loyamba ndi lomaliza, ndiponso ngozi zimene zinalipiridwa ngati zilipo. Kuitanitsa kalata yotere muli ku Ulónguè, nambala ya foni ya ku South Africa itafa kale, ndi ntchito yowawa. Dziwaninso kuti kumeneko kuli bónus ya mtundu wina. Kampani ya OUTsurance inatchuka ndi kubweza ndalama m'manja kwa amene watha zaka 3 osapempha kanthu. Limenelo ndi lonjezo la kampani imeneyo yokha, silisamuka, ndipo wochoka zaka 3 zisanakwane asayembekeze kukalipeza kwina.

Pali gulu lina limene limatimvetsa chisoni koposa. Kuyambira 2011, pamene mgodi waukulu wa malasha unayamba kugwira ntchito ku Moatize, anthu ambiri a chigawo chino akhala akuyendetsa magalimoto a makampani tsiku ndi tsiku pansi pa malamulo okhwima. Onjezanipo oyendetsa chapa ndi a magalimoto a mabungwe. Seguro ya magalimoto onsewa ili m'dzina la bwana, kotero kuti dalaivala amene wagwira chiwongolero zaka 10 popanda kukanda ngakhale penti, tsiku limene adzagule kagalimoto kake adzayamba ngati wophunzira. Ku Britain makampani ena amalandira kalata ya abwana yonena kuti munthuyu anayendetsa galimoto ya ntchito zaka zakuti popanda ngozi, n'kumutsitsirako. Palibe chimene chingaletse makampani athu kuchita chimodzi-modzi, ndipo imene ingayambe idzapeza makasitomala abwino kuposa onse. Nawo mabwana asamaumire kalata yotere kwa wantchito amene akuchoka.

Tinenenso za bodza, pakuti pamene pali ndalama yotsitsidwa pamabwera chiyeso. Wina amachoka ku kampani imene yangomulipirira ngozi n'kukanena kwina kuti sanagundepo. Tsiku loyamba zimaoneka ngati zayenda. Koma makampani amafufuza kweni-kweni pa tsiku la ngozi yaikulu, pamene ndalama zofunika ndi zambiri, ndipo akapeza kuti munanama polowa angathe kukana kukulipirani galimoto yanu kapena kudzakutsatani pa zimene alipira ena. Mabodza oterewa ndiwonso amapatsa makampani chifukwa chokayikira aliyense, ndi oona mtima omwe. Nkhani ya kugundana pang'ono ndi ina. Ngati yasweka ndi nyali yokha ndipo mtengo wake ndi wochepa kuposa bónus imene mungataye, kukonzetsa ndi ndalama zanu n'kwanzeru, malinga mwaona zimene apólice yanu ikunena pa za kudziwitsa kampani. Koma pamene munthu wavulala, za kumvana m'mbali mwa msewu zisakhalepo. Mwana amene wagundidwa angaoneke bwino madzulo n'kufuna chipatala m'mawa, ndipo seguro inakhazikitsidwa chifukwa cha iyeyo.

Bungwe la ISSM linakhazikitsidwa mu 2010 kuti liziyang'anira makampani a seguro, ndipo pempho lathu likupita kwa oyang'anira makampaniwo. Aonetsetse kuti kampani iliyonse ikupereka pepala la mbiri ya ngozi kwa aliyense wolipempha, pa masiku owerengeka ndiponso popanda malipiro, kuti nthambi ya ku Tete ingathe kulisindikiza yokha osayembekeza siginecha ya ku Maputo, ndi kuti muyezo wa bónus wa kampani iliyonse ukhale pa khoma pamene kasitomala angauwerenge asanalipire. Makampani azifunsananso okha-okha pofuna kutsimikiza mapepalawo, m'malo motuma mwini galimoto uku ndi uku. Podikira zimenezo, amene apólice yake ikutha mwezi wamawa alembe kalata yopempha pepala lake sabata ino, asunge kope lodindidwa tsiku limene waipereka, ndipo asadule seguro yakale yatsopano isanayambe kugwira ntchito.