Njinga yanga sanaimange, inamwa madzi

Abale anga a kuno kwa Maganga, ndi inu muli ku Lilongwe ndi ku Joni, lero ndilankhula. Wokwiya akwiye.

Lachiwiri lapitali ndinalawirira ndi matumba awiri a mpunga kupita nawo pa boma. Ndisanafike n'komwe pa tala wochokera ku Senga Bay, njinga yanga yamoto inayamba kutsokomola. Ndikati ndionjezere moto, iyo ikufuna kuzima. Kenaka zii. Kumenya kiki kakhumi, ilira pang'ono, n'kuzimanso. Ndinaikankha kubwerera kunyumba, thukuta lili kamukamu.

Pofika madzulo mudzi wonse unali utagamula kale kuti njinga aimanga. Eti chifukwa agogo ena oyandikana nafe anagwira mpando wake m'mawa uja pondipatsa moni. Ena mpaka kudzandinong'oneza kuti tipite kwa sing'anga. Mng'ono wanga wa m'tauni naye pa foni: "Achimwene, chakalamba icho, gulitsani." Mnyamata wina wodzitcha makaniko, osaigwira n'komwe, akuti injini yatha, ndipereke ndalama aimasule yonse.

Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma njingayi ndakhala nayo zaka zambiri. Lachitatu ndinayala thumba pansi pa mtengo wa mango. Ndinamasula pulagi, kuigunditsa pa injini, kumenya kiki: moto ukuthetheka bwinobwino, koma pulagi youma gwa. Ndiye kuti mafuta sakufika. Ndinayang'ana kabowo kopumira ka pa chivindikiro cha thanki, chifukwa kakatsekeka mafuta satsika. Kanali bwino. Ndinazula paipi yopita ku kabuleta n'kutsegula tapu. Mmalo moti mafuta athamange, akungodontha ngati mkodzo wa mbuzi yodwala. Nditamasula tapuyo, kasefa kake kanali katamatidwa ndi dzimbiri ndi mchenga.

Tsono mverani apa. Pansi pa kabuleta pali kasikuluwu kokhuthulira. Ndinatchera botolo loyera, n'kukhuthuliramo mafuta a mmenemo ndi a m'thanki, n'kuliimika pa khonde. Pasanathe nthawi anagawikana: petulo pamwamba, madzi akuda pansi, okwana zala ziwiri. Mfiti yanu ndi imeneyo. Jeti ndinaitsuka ndi petulo wabwino n'kuipemerera, osati kuitokosa ndi singano, chifukwa bowo likakula njinga imasanduka chidakwa cha mafuta. Thanki ndinaitsukuluza, n'kuika kasefa katsopano pakati pa paipi. Kiki imodzi, inalira.

Madziwo anachokera kuti? Ndine ndemwe ndinawagula. Lolemba ndinathira mabotolo awiri a m'mbali mwa msewu osayang'ana n'komwe. Sindikunyoza onse ogulitsa m'zigubu ayi. Pamene mafuta ankasowa mu 2022 mpaka 2024, anthu kugona pa mzere ku mafilingi, ambirife tinkayendera iwowo. Koma ena mwa inu, ana athu omwe, mumasunga petulo m'chigubu chomwe dzulo munatungira kunyanja, ena mumaonjezera parafini kuti achuluke. Mukudziwana. Mukutiphera njinga, ndipo njinga yomweyo ndi imene idzanyamule mayi anu usiku kupita kuchipatala.

Chinanso chimene ambiri sitidziwa: petulo wa kuno ku Malawi amasakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amakoka chinyontho. Kuno kunyanja, ukasiya thanki yachitsulo ili theka kwa masabata, mkati imachita thukuta, dzimbiri n'kuyamba. Kusefa ndi nsalu kumagwira mchenga koma madzi amadutsa. Imikani botolo kaye, muyang'ane pansi pake musanalipire. Wogulitsa akakana, pitirirani.

Inu a m'tauni, musamafulumire kunena kuti gulitsani. Ndigulitse ndigule chiyani? Chigwereni kwacha mu November 2023 mitengo mukuidziwa. Mukafuna kuthandiza tumizani ya kasefa ndi paipi, basi.

Koma chondiwawa kwambiri ndi agogo aja. Mawu anawapeza. Masiku atatu sanatuluke kupita kudimba, kuopa anyamata. Munthu anandilera nawo, lero atchedwe mfiti chifukwa cha madzi a m'chigubu? Kumbukiraninso kuti lamulo la dziko lino limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, mukhoza kumangidwa nazo.

Dzulo ine ndi mayi a kunyumba tinapita kukawapepesa, botolo lija lili m'manja. Analiyang'ana nthawi yaitali, osayankha kanthu. Botololo sindinataye, lili pa khonde panga. Inu munkandinong'oneza za sing'anga, bwerani mudzalione, kenaka njira ya kwa agogo mukuidziwa.