Ng'ombe Yotsimphina Isabwerere Msanga pa Goli

Alimi anzathu, m'maiko momwe amaweta akavalo ambiri muli amisiri amene nchito yao ndi kusula nsapato zachitsulo ndi kuzikhomera ku ziboda. Kavalo akabvulala mtsempha waukulu wotsika kumbuyo kwa mwendo, umene umakagwira fupa la m'kati mwa chiboda, mmisiri amafupikitsa nsonga ya chibodacho, nasula nsapato yokwera ku chidendene. Potero mtsemphawo sukokeka kwambiri kavalo akamaponda. Pamene ukupola, amatsitsa chidendenecho pang'onopang'ono, pakuti chikakhalitsa chokwera mitsempha ina ndiyo imalemedwa. Kupolako kumatenga miyezi 9 kufikira 12.

Kuno akavalo ndi osowa, koma ng'ombe za pangolo ndi abulu tiri nazo, ndipo mtsempha wake ndi womwewo. Chotidandaulitsa nchakuti ambiri a inu mumaweruza ndi maso okha. Ng'ombe ikaleka kutsimphina mumati yachira, mmawa mwake iri kale pa goli, kukatuta nkhuni zochizira fodya. Ululu ndiwo umatha msanga. Mtsempha uli ndi magazi ochepa, tsono umapola mochedwa, ndiponso umalumikizika ndi chipsera chosatamuka monga kale. Ukaphwetekanso pa chitunda, ngolo iri yodzaza ndi chimanga, ng'ombe ija yasanduka ndiwo, ndipo inzake ya pa goli yatsala yopanda nchito.

Tidziwa kuti kubwereka ngolo ya mnansi kumadya ndalama, makamaka nyengo yokolola. Komabe ife tikuti bwerekani. Mtengo wa maulendo ochepawo sungafanane ndi wa ng'ombe yophunzitsidwa kale kukoka.

Yang'ananinso ziboda. Ng'ombe yogona m'khola lamatope ziboda zake zimafewa ndipo sizisibuka, zimatalika ngati bwato, ndipo nsonga yaitaliyo imakoka mtsempha pa phazi liri lonse. Ziwengedwe ndi munthu wodziwa. Popeza phazi la ng'ombe liri ndi ziboda ziwiri, chimodzi chikakhala ndi bala dokotala wa ziweto angamate kathabwa pansi pa chabwinocho, kuti chodwalacho chisaponde pansi kwa masabata 4 kapena 6. Bulu ali ndi chiboda chimodzi monga kavalo, choncho kathabwako sikamuthandiza. Ndipo musayese kumukweza chidendene nokha ndi mphira wa tayala, pakuti simungadziwe mtsempha umene wabvulala. Mupumitseni pouma, thirani madzi ozizira potupapo masiku oyamba, nimuitane mlangizi wa ziweto.