NYIMBO ZA M'KANEMA WA ANA: NANGA KALIMBA WA KU LUANGWA?

Mwana wa ku Luangwa akamapenya kanema, kaya pa wailesi ya kanema ku boma, kaya pa foni ya mkulu wace ku Katondwe, samva Cizungu conse colankhulidwa m'menemo. Komabe adziwa bwino lomwe pamene coopsa cayandikira, ndipo agwira mnzace pa mkono cilombo cisanaoneke. Comuuza ndi nyimbo.

Nyimbozo siziimbidwa mwacisawawa. Oyimba ndi gulu lalikulu lochedwa okesitala, la anthu makumi-makumi, ena a zoimbira za nsambo, ena a malipenga, ena a ng'oma, onse kutsata dzanja la mtsogoleri mmodzi. Wopeka nyimbo apatsa munthu kapena cinthu ciri conse ca m'nthanoyo kanyimbo kacekace, kotero kuti kakamveka, wopenya adziwa amene alinkudza. M'kanema wa Harry Potter wa mu 1 wa caka ca 2001, John Williams anaika kanyimbo ka matsenga pa coimbira cochedwa celesta, cimene mkati mwace muli tinyundo togunda tizitsulo. Mkulu wa kwa Mburuma atamva kulira kwace angafunse kuti kalimba ameneyu wacokera kuti, pakuti kalimba nayenso ndi tizitsulo tolira.

Luso limeneli si lacilendo kwa Ansenga ndi Acikunda. Nthano ya madzulo yopanda nyimbo siinali nthano. Agogo akafika pamene mwana wamasiye aitana mbale wace pa dziwe, anali kuyambitsa nyimbo, ana onse nabvomereza. Nyimbo yomweyo ikabwerera kacitatu, ndi wamng'ono yemwe anali kudziwa kuti zinthu zafika pobvuta. Cimene a ku Hollywood alipirira ndalama zambiri, agogo anali kucicita ndi pakamwa pokha, nkhuni zirikuyaka.

Tsono opanga kanema anazindikira kale kukoma kwa nyimbo za mu Africa. Mu The Lion King wa 1994, Hans Zimmer anasakaniza okesitala ndi mau a Lebo M wa ku South Africa, nalandira mphotho ya Oscar. Koma m'kanema yemweyo munamveka nyimbo yocokera ku Mbube, imene Solomon Linda anajambulitsa ku Johannesburg mu 1939. Linda anapatsidwa tindalama tocepa, namwalira mu 1962 ali mmphawi, pamene nyimbo yace inali kulemeretsa anthu a kutsidya kwa nyanja. Banja lace linakasuma mu 2004, ndipo mlandu unatha ndi cipangano mu 2006, mwini wace atagona m'manda zaka 44. Fodya wako ndiye ali pa mphuno, anatero akale. Wa Linda anapita ndi mphepo.

Nkhaniyi ikhudza Luangwa cifukwa Zambia nayo yalowa m'nchito ya kanema wa ana. Mu 2023 Netflix inaonetsa Supa Team 4, nthano ya atsikana anai a mu Lusaka yopekedwa ndi Malenga Mulendema, ndipo Sampa the Great anaimbamo nyimbo yotsegulira. Olemba ena adzatsata, ndipo pofuna nyimbo zosamveka-mveka m'tauni adzatsika njira yocokera pa mlatho wa Luangwa kufikira pamene mtsinjewo uthira mu Zambezi, moyang'anana ndi Zumbo. Adzafika pa mwambo wa Mbambala kwa Mfumu Yaikulu Mburuma ndi wa Dantho kwa Mfumu Mphuka, foni ziri m'manja. Kujambula nyimbo lero sikufuna galimoto lodzaza makina monga m'masiku a Hugh Tracey. Mlendo aimirira kumbuyo kwa khamu, natenga zonse.

Ena adzati nyimbo ya makolo iribe mwini, ndipo kuikaniza ndiko kuipha. Coonadi cirimo, pakuti nyimbo yosaimbidwa ifa pamodzi ndi nkhalamba yoidziwa. Palibe amene anena kuti alendo abwezedwe. Cofunika ndi cakuti wojambula ayambe waonekera kwa mfumu, dzina la woimba ndi la mudzi wace zilembedwe, ndi kuti pakhale pepala lonena za malipiro ngati nyimboyo idzalowa m'kanema. Lamulo loteteza opeka nyimbo linakhazikitsidwa mu 1994, ndipo bungwe la ZAMCOPS lisonkhetsa ndalama za oyimba olembetsa. Koma woliza kalimba wa ku Kavalamanja sangapite yekha ku Lusaka kukalembetsa. Nchito imeneyo iyenera kuyambidwa ndi khonsolo ya Luangwa pamodzi ndi aziphunzitsi, amene angatume ana a sukulu kukalemba nthano ndi nyimbo zace kwa agogo ao caka cino.